Makina akale oimirira oyamwa fumbi: kusiyana kwa Hoover, Kirby, Royal ndi Eureka pa kapeti

Munthu akaona makina oyamwa fumbi a m'zaka za m'ma 1950 kapena 1960, achitsulo, olemera, okhala ndi thumba lansalu lolendewera ku chogwirira, kenaka n'kuwerenga kachitsulo ka pansi pake kosonyeza kuti mota yake sifika n'komwe mawati 500, amafulumira kuganiza kuti makinawo ndi ongosungira chikumbutso. Koma anthu amene amakonza ndi kusonkhanitsa makina amenewa ku America ndi ku Britain amadziwa kuti pa kapeti ya ubweya wokhuthala, imene mchenga walowerera mpaka pansi, Hoover kapena Kirby wakale wosamalidwa bwino amalimbana ndithu ndi makina a mawati 2,000 amene anadzaza m'masitolo a ku Ulaya bungwe la European Union lisanaike malire a mawati 1,600 mu 2014, malire amene linawatsitsanso kufika pa 900 mu 2017. Chimene chimachotsa mchenga m'kapeti ndi kuchuluka kwa mpweya wodutsa pakamwa pa makinawo pamodzi ndi kugwedezeka kwa kapetiyo, ndipo makampani akale anasiyana kwambiri pa njira zimene ankapezera zinthu ziwirizi.

Makina oimirira, kutanthauza amene mota, burashi ndi thumba zili pamodzi ndipo amakankhidwa ndi chogwirira chachitali, anayamba ndi James Murray Spangler, amene ankagwira ntchito yosesa m'sitolo ina mumzinda wa Canton, ku Ohio m'dziko la America, ndipo fumbi linkamuutsira matenda a mphumu. Iye analumikiza mota yaing'ono, fani, burashi yozungulira ndi nsalu yovekera pilo ku mtengo wa tsache, ndipo mu 1908 boma linamupatsa chiphaso chosonyeza kuti luso limeneli ndi lake. Chaka chomwecho William Henry Hoover, amene ankapanga zinthu zachikopa monga zomangira akavalo, anagula umwiniwo n'kuyamba kugulitsa makina otchedwa Model O. Dongosolo la Spangler, loika burashi kutsogolo, fani pakati ndi thumba kumbuyo, ndilo linatsatiridwa ndi pafupifupi makampani onse kwa zaka zoposa 50.

M'makina a dongosolo limeneli zinyalala zonse zimadutsa m'fani zisanafike m'thumba. Kuchokera pakamwa pa makina kufika pa fani ndi masentimita ochepa chabe, njira yake ndi yotakasuka, ndipo faniyo imakhala yaikulu, ya mapiko akuluakulu, kotero kuti mpweya umalowa wochuluka popanda chouchedwetsa, n'kukankhidwira m'thumba lomwe limafufuma makinawo akangoyatsidwa. Apa m'pofunika kusiyanitsa miyeso iwiri imene anthu amakonda kuisokoneza. Woyamba ndi kuchuluka kwa mpweya umene makina amasuntha pa mphindi imodzi, ndipo wachiwiri ndi mphamvu yokoka pamene pakamwa patsekedwa, imene akatswiri amaiyesa poona kutalika kumene makinawo angakweze madzi m'chubu. Makina akale oimirira amapambana pa muyeso woyamba koma amafooka pa wachiwiri. N'chifukwa chake munthu akatseka paipi ya Hoover wakale ndi chikhatho amamva kukoka kochepa n'kugamula kuti makinawo atha ntchito, chonsecho muyeso umenewo sunena kanthu za zimene zikuchitika pa kapeti, pamene chofunika ndi mpweya wochuluka wonyamula zinyalala zimene burashi yazitakasa.

Kampani ya Hoover ndiyo inayamba kumvetsa bwino kuti burashi yokha siikwanira. Fumbi ndi ulusi zimakhala pamwamba, koma mchenga, popeza ndi wolemera, umatsika mpaka m'tsinde mwa ubweya wa kapeti, ndipo anthu akamaponda umacheka ubweyawo pang'onopang'ono mpaka kapeti imayamba dazi m'malo oyendamo. Mu 1926, pa makina a Model 700, kampaniyi inaika timizere tachitsulo tosalala tozungulira ngati nsonga ya sikuluwu pa chitsulo chogudubuzika cha pakamwa pa makina, pambali pa maburashi. Magwiridwe ake ndi otere: mpweya wolowa umanyamula kapeti pang'ono kuichotsa pansi n'kuimamatiza kukamwa kwa makina, ndipo timizere tija timaimenya mofulumira kwambiri ili m'malere, monga mmene munthu amapunthira bulangeti lolendewera pachingwe kuti fumbi lituluke. Mchenga umadumpha kuchoka m'tsinde, burashi imausesa, mpweya umaunyamula. Mawu otsatsira malonda amene kampaniyi inayamba kugwiritsa ntchito mu 1919, onena kuti makinawo amapuntha uku akusesa ndi kuyeretsa, anadzakhala oona kwenikweni kuyambira nthawi imeneyi.

Zimenezi munthu angathe kuziona ndi maso. Mukamwaza mchenga kapena mpunga wochepa pa kapeti yosamatidwa pansi n'kuyatsa Hoover Convertible ya ku America, imene inatuluka mu 1957, kapena mnzake wa ku Britain wotchedwa Senior, timiyala timayamba kunjenjemera ndi kudumphadumpha makinawo adakali patali pang'ono, ndipo kugwedezekako kumamveka ngakhale ku mapazi. Koma izi zimachitika pokhapokha kamwa la makina lili pa msinkhu woyenera. Likatsika kwambiri limapanikiza kapeti pansi, mpweya umasowa polowera, lamba woyendetsa burashi amayamba kuterereka ndipo kukankha kumavuta. Likakwera kwambiri kapeti sinyamuka ndipo burashi imangozungulira m'mwamba. Wogwiritsa ntchito wozolowera amazindikira msinkhu wabwino ndi khutu, chifukwa phokoso limasintha kuchoka pa kulira kwa mota kokha n'kukhala kugunda kwamanzenene kwa kapeti imene ikupunthidwa. Anthu ambiri amene amanena kuti makina akale sayeretsa amakhala kuti sanakhudzepo n'komwe chosinthira msinkhu.

Kirby anatsata njira ina. Makinawa anachokera ku luso la Jim Kirby ndipo ankapangidwa ndi kampani ya Scott & Fetzer mumzinda wa Cleveland, ku Ohio komweko, ndipo oyamba kudziwika ndi dzina lake anali Model C a mu 1935. Mota yake imagona chopingasa, fani ili kutsogolo kwenikweni, ndipo lamba wophwatalala amachokera ku nsonga ya mota kupita ku burashi yamtengo yokhala ndi ubweya wolimba, popanda timizere tachitsulo ta Hoover. Mphamvu ya Kirby ili mu mpweya wochuluka ndi kamwa lomwe limagwira kapeti mothina, komanso m'chosinthira msinkhu chopondedwa ndi phazi chimene chimatsitsa kamwa pang'onopang'ono, sitepe imodzi imodzi, motero munthu amatha kupeza msinkhu weniweni wa kapeti iliyonse. Pa kugwedeza, Kirby wa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 safika pa Hoover wa nthawi yomweyo, koma pa kuchotsa tsitsi, ulusi ndi ubweya wa ziweto, ndiponso pa kudzutsa ubweya wa kapeti umene unagona, amachita bwino zedi. Thupi lake lonse ndi la aluminiyamu woumbidwa, ndipo n'chifukwa chake makina a zaka 60 amangofunika kupukuta, kusintha mabeyaringi ndi timakala ta mu mota, n'kuyambiranso ntchito. Mtengo wa kulimba kumeneku ndi kulemera: Kirby wa m'zaka zapambuyo pake amapitirira makilogalamu 10, ndipo kampaniyi inachita kuika giya yothandiza kukankha pa makina a Generation 3 mu 1990.

Kirby ankagulitsidwa khomo ndi khomo, ndipo ogulitsa ankauza eni nyumba kuti akugula zipangizo zambiri nthawi imodzi. Kamwa la kutsogolo limachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumaikidwa paipi, chopolishira pansi, chochapira kapeti ndi thovu, ngakhalenso kachipangizo kotchedwa Handi-Butler konolera mipeni ndi kupukutira zitsulo. Zambiri mwa izi zinkangokhala m'katoni osagwiritsidwa ntchito. Njira imene ogulitsawo ankaonetsera luso la makina ndi yoyenera kuikayikira. Iwo ankauza mwini nyumba kuti ayeretse kapeti ndi makina ake, kenaka ankadutsa pomwepo ndi Kirby atamuika kansalu koyera m'malo mwa thumba, n'kuonetsa fumbi lakuda lomwe latsalira pa kansaluko. Kapeti imene yakhala ikupondedwa kwa zaka siitha fumbi, ndipo makina ena alionse oyenda pambuyo pa anzake amatulutsabe kenakake, moti akanasinthanitsa ndondomeko, makina akale a mwini nyumba akanadetsanso kansaluko.

Royal, amene anayamba ndi kampani ya P. A. Geier ku Cleveland komweko mu 1905, amafanana ndi Kirby pa kapangidwe: aluminiyamu, fani kutsogolo, lamba wophwatalala. Kusiyana kwake n'koti Royal ndi wopepuka ndiponso wosachulukitsa zinthu, ndipo ambiri amene anagwiritsapo onse awiri amati pa kapeti sasiyana kwenikweni, pamene pa dzanja Royal ndiye wosatopetsa.

Eureka ndi amene anadzalimbana ndi Hoover pa bwalo lake lomwe. Kampaniyi inakhazikitsidwa ndi Fred Wardell ku Detroit mu 1909, ndipo kwa zaka zambiri zoyambirira inkagulitsa makina oimirira ongoyamwa, opanda burashi yoyendetsedwa ndi mota, ponena kuti kupuntha kumawononga kapeti. Pambuyo pake inasintha maganizo, inasamukira ku Bloomington, ku Illinois, itaphatikizana ndi kampani ina mu 1945, ndipo inadzapanga chitsulo chogudubuzika chotchedwa Vibra-Groomer, chimene chili ndi maburashi pamodzi ndi timizere togwedeza kapeti. Kapangidwe kake n'kosavuta kwambiri: mota yoimirira, fani pansi pake, lamba wobulungira, thumba kumbuyo. Umboni wa ubwino wake ndi wakuti makina a Sanitaire, amene Eureka inayamba kupangira mahotela ndi maofesi m'zaka za m'ma 1970, anapitirira kupangidwa kwa zaka zambirimbiri atangosintha pang'ono chabe. Ndikanafunsidwa makina amene amapereka ntchito yochuluka pa ndalama zochepa ndi zokonzakonza zochepa, ndikanatchula Eureka ameneyu, ngakhale kuti maonekedwe ake sakopa maso ngati a Kirby wonyezimira.

Thumba ndilo mbali imene anthu amaiiwala poyerekeza makinawa, chonsecho limasintha zotsatira kwambiri. Makina oyambirira anali ndi thumba lansalu lokutumula, ndipo nsaluyo ikatsekeka ndi fumbi losalala mpweya umachepa ngakhale thumba lisanadzaze. Kirby anaika kambale kachitsulo pansi pa thumba, kotchedwa Sani Em-Tor, kuti munthu azigwedeza thumbalo n'kutsegula pansi pake pa nyuzipepala osalichotsa, njira imene inachepetsa vuto koma sinalithetse. Matumba apepala otaya anayamba ndi kampani ya Air-Way ya ku Toledo cha m'ma 1920, koma makampani ena anachedwa kuwalandira, ndipo Kirby anawabweretsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ngakhale pa matumba apepala pali kusiyana kwakukulu. Ena zinyalala zimalowera pansi, monga thumba la Hoover la mtundu wa C, ndipo mpweya umayenera kuboola mulu wa zinyalala zakale nthawi iliyonse, moti mphamvu imatsika thumba likamadzaza, ndipo makina akazimitsidwa zina zimagwera pakhomo polowera. Ena ali ndi chubu chokweza zinyalala mpaka pamwamba kuti zizigwera pansi zokha, monga thumba la Eureka la F&G ndi la Hoover la mtundu wa A, ndipo amenewa amasunga mpweya wabwino kwa nthawi yaitali. Hoover Convertible awiri ofanana mota ndi burashi angathe kuyeretsa mosiyana chifukwa cha thumba lokha.

Pa nkhani ya fumbi lobwerera m'chipinda, makina akale onse amagonja. Popeza fani imakankha mpweya m'thumba, kabowo kalikonse ndi msoko uliwonse umatulutsa fumbi losalala, ndipo fungo lodziwika bwino la makina akale limachokera pamenepa. Nsalu kapena pepala la nthawi imeneyo silingayandikire muyeso wa HEPA, umene umafuna kuti sefa igwire 99.97 peresenti ya tizidutswa tosaoneka ndi maso ta kukula kwa mamaikoroni 0.3. Chothandiza n'choti masiku ano kuli matumba a nsalu yopangidwa yosefa bwino amene amakwanira mu Kirby, Eureka ndi Hoover ambiri akale, ndipo amachepetsa vutoli popanda kutsekereza mpweya, komabe m'nyumba ya munthu wodwala mphumu makina amakono otsekedwa bwino ndiwo oyenera.

Chofooka chachiwiri ndi paipi. Kuti Hoover Convertible iyeretse mipando kapena makatani, munthu ankalowetsa cholumikizira kumbuyo chapansi, ndipo mota inkasinthira yokha ku liwiro lalikulu, koma kukoka kwake kunali kochepabe, pakuti fani yopangidwira mpweya wochuluka m'njira yotakasuka siitha kukoka bwino m'paipi yaitali yopapatiza. Kirby amachitako bwino chifukwa paipi yake imalumikizidwa pakamwa penipeni pa fani. Palinso ngozi ya faniyo: ndalama yachitsulo, msomali kapena mwala zikalowa zimamenya mapiko, ndipo phiko limodzi likabenthuka makina amayamba kunjenjemera ndi kutaya mphamvu. Mavuto awiriwa ndiwo anabala Hoover Dial-A-Matic mu 1963, makina oimirira amene thumba lili m'bokosi lolimba patsogolo pa fani, motero mota imakoka mpweya woyeretsedwa kale ndipo zinyalala sizikhudza fani. Paipi yake inali yamphamvu ndipo fani inatetezeka, koma njira ya mpweya inatalika ndi kukhotakhota, moti pa kapeti ambiri amaona kuti Convertible, ngakhale inali yotchipa, inkapambanabe. Mu 1969 Hoover inaonjezera pa makinawa mphamvu yodziyendetsa okha. Pafupifupi makina onse oimirira amakono, kuphatikizapo Dyson DC01 amene anatuluka ku Britain mu 1993 opanda thumba, anatsata njira ya mpweya woyera imeneyi, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mota zinayamba kukula: panafunika mphamvu yoonjezera yobwezera zimene zimatayika m'njira yaitali ndi m'masefa.

Maonekedwe nawo ali ndi mbiri yake. Makina a m'zaka za m'ma 1920 ankaonetsa mota poyera, ngati chipangizo cha m'fakitale. Hoover inaika nyale kutsogolo mu 1932 kuti munthu aziona pansi pa mabedi, kenaka inalemba ntchito Henry Dreyfuss, katswiri wokonza maonekedwe a zipangizo, amene pa Model 150 ya mu 1936 anabisa mota m'chivindikiro chosalala cha pulasitiki yolimba yotchedwa Bakelite ndi kugwiritsa ntchito chitsulo chopepuka cha maginiziyamu. Ku Britain, kumene kampaniyi inamanga fakitale yotchuka ya ku Perivale, kumadzulo kwa London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, kunatuluka Hoover Junior mu 1935, makina aang'ono oyenera nyumba zopanikiza ndi masitepe opapatiza. Junior ali ndi timizere topunthira ngati mkulu wake, ndipo ngakhale mota yake ndi ya mawati ochepa kwambiri, amayeretsa kapeti yaubweya modabwitsa, kungoti kamwa lake ndi lalifupi ndipo chipinda chachikulu chimatenga nthawi. Kumbali ina, ku America, David Oreck anayamba mu 1963 kugulitsa ku mahotela makina olemera makilogalamu osakwana 4, amene burashi yake imazungulira mofulumira kwambiri, abwino pa zinyalala za pamwamba za tsiku ndi tsiku koma osalowerera ngati Hoover kapena Eureka.

Kuyerekeza kwachilungamo kumafuna sikelo. Muyeso wa ku America wotchedwa ASTM F608 umagwiritsa ntchito mchenga wosakaniza ndi ufa wosalala, woyezedwa kulemera kwake, umene amaulowetsa m'kapeti ndi chogudubuza cholemera, kenaka amadutsitsa makina maulendo ofanana pa liwiro lofanana n'kuyeza zimene zachoka. Amene akuyesa makina akale kunyumba ayenera kutsata mfundo yomweyo, ndiponso ayambe wawabwezeretsa mwakale: lamba watsopano, maburashi osatha, thumba loyera, fani yosabenthuka ndi zotsekera zosadontha mpweya. Lamba wa labala akatambasuka burashi imaoneka ngati ikuzungulira makina akanyamulidwa, koma ikangokhudza kapeti imachedwa kapena kuima kumene, ndipo mayeso ambiri amene anthu amachita amakhala akuyerekeza malamba awiri m'malo mwa makina awiri. Zonse zikakhala bwino, ine ndimaona kuti pa kapeti yolukidwa yosamatidwa pansi Hoover ndi Eureka a timizere ndiwo atsogoleri pa mchenga, pa kapeti yokhuthala ya tsitsi ndi ulusi wambiri Kirby ndi Royal amawapeza kapena kuwapitirira, ndipo pa ntchito ya paipi onse amasiyidwa ndi makina a mpweya woyera.

Mtundu wa kapeti ndiwo umagamula zambiri. Makina a timizere anapangidwira makapeti olukidwa a ubweya wa nkhosa, monga a Axminster ndi Wilton, amene mpweya umadutsa kumsana kwake ndipo amatha kunyamuka. Kapeti yopyapyala yomatidwa ndi guluu pa simenti, imene imapezeka m'maofesi ndi m'mahotela ambiri, siinyamuka, motero timizere timangoimenyetsa pansi polimba, phokoso limachuluka ndipo ubweya umatha msanga. N'chifukwa chake makina a m'mahotela amakhalanso ndi maburashi opanda timizere tolimba. Pa simenti kapena matailosi, zimene ndizo zili m'nyumba zambiri za ku Malawi ndi ku Zambia, makina akale oimirira sathandiza kwenikweni, pakuti ambiri alibe chozimitsira burashi ndipo amangomwaza mchenga kumbuyo.

Amene angakumane ndi makina oterewa pa katundu wakale wochokera kunja ayambe wawerenga kachitsulo ka pansi asanawalumikize ku magetsi. Makina opangidwira msika wa ku America ndi a mavoti 120, ndipo magetsi a ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa ndi a mavoti pafupifupi 230, moti mota imapsa nthawi yomweyo ngati palibe thiransifoma yokwanira mphamvu yake. A ku Britain, monga Junior ndi Senior, amagwirizana ndi magetsi athu, ndipo pulagi yawo ya mano atatu amakona ndi yomweyo imene ili m'nyumba za ku Malawi. Komabe nthambo ya labala ya zaka 50 kapena 60 imakhala itauma ndi kung'aluka mkati, ndipo popeza thupi ndi chogwirira cha makina ambiri ndi zachitsulo, katswiri wa zamagetsi ayenera kusintha nthamboyo ndi kuyesa ngati magetsi sakudutsira ku thupi la makinawo munthu asanayambe kuwagwiritsa ntchito.